Mabuloko, njerwa zootcha kapena dothi lotsindira: kumanga mu Lusaka pamene utsi wayamba kulipiridwa

Mlamu wanga ali ndi puloti chakufupi ndi Chongwe, kumene anthu a mu Lusaka akuthamangira masiku ano poti ku Chalala ndi ku Ibex Hill malo anadula kalekale. Maziko anathira chaka chatha ndi ndalama ya chilimba. Tsopano wafika pa khoma. Loweruka lina tinakhala pa mulu wa mchenga, iye, ine ndi mmisiri wake, bambo wachikulire amene wamanga nyumba zambiri ku Mtendere ndi ku Kaunda Square. Mlamu anandifunsa kuti, "Alamu, paja munkanena kuti kunja ayamba kulipiritsa utsi wa simenti. Nanga ine ndidikire, ndigule mabuloko msanga, kapena ndiumbitse njerwa?" Mmisiri anaseka n'kunena kuti utsi sugulitsidwa. Koma ukugulitsidwa ndithu, ndipo amene akumanga nyumba ya zaka makumi asanu ayenera kudziwa kumene mtengo wake ukulowera.

Kuika mtengo pa kaboni ndiko kuuza mwini fakitale kuti tani iliyonse ya mpweya wotenthetsa dziko imene watulutsa ailipire. Maiko ena amachita ndi msonkho: boma limanena mtengo basi. Finland inayamba mu 1990, Sweden mu 1991. South Africa inayamba pa 1 Juni 2019 ndi R120 pa tani, ndipo pofika 2025 mtengowo unali R236, ngakhale kuti makampani ambiri amakhululukiridwa gawo lalikulu moti zimene amalipiradi n'zochepa. Maiko ena amachita ndi msika: boma limaika malire a mpweya wonse, n'kupereka ziphaso zimene makampani amagulitsana. Umu ndi mmene European Union yakhala ikuchitira kuyambira 2005, ndipo mu Febuluwale 2023 chiphaso cha tani imodzi chinapitirira mayuro 100. China inatsegula msika wake mu 2021 ndi makampani opanga magetsi okha, kenaka mu 2025 inaonjezamo simenti, chitsulo ndi aluminiyamu. Palinso njira yachitatu, ya pa malire: kuyambira 1 Januwale 2026 simenti, chitsulo, aluminiyamu ndi feteleza zolowa ku Ulaya zikulipiritsidwa mpweya umene unatuluka pozipanga.

Lamulo la pa malire la ku Ulayali lisatiopseze kwambiri. Simenti ya ku Chilanga ndi ku Ndola siipita ku Ulaya, imapita ku Congo, ku Malawi ndi maiko ena oyandikana nafe, ndipo mkuwa suli pa mndandandawo. Pa lisiti ya ku hadiweya simudzapezanso mzere wolembedwa kaboni. Msonkho wa kaboni umene ambirife timaudziwa ndi uja wa galimoto, wolipira potengera kukula kwa injini. Koma mu 2021 boma linakhazikitsa unduna woona za chuma chosaononga chilengedwe, mu 2024 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo la Green Economy and Climate Change Act, ndipo Zambia inalonjeza maiko anzake kuti pofika 2030 idzachepetsa mpweya wake ndi 25 peresenti, kapena 47 peresenti ikathandizidwa mokwanira. Zitsulo zambiri, magalasi ndi mafelemu a aluminiyamu timaitanitsa ku South Africa ndi ku China, kumene utsi ukulipiridwa kale. Njira ndi imeneyo. Sidzabwera ndi mfuu, idzalowa pang'onopang'ono m'mitengo ya katundu ngati mmene mafuta a galimoto amalowera mu mtengo wa tomato.

Chifukwa chake simenti ili pakati pa nkhaniyi

Kampani ya Chilanga inakhazikitsidwa mu 1949, ndipo simenti yake inathandiza kumanga damu la Kariba. Lero ili m'manja mwa Huaxin ya ku China, imene inaigula kwa Lafarge mu 2021. Dangote inatsegula fakitale yake kufupi ndi Ndola mu 2015, ndipo kuno ku Chongwe kuli ya Sinoma. Onsewa amachita chinthu chimodzi: amaotcha mwala wa laimu pa moto wofika madigiri 1,450 mpaka usanduke timiyala totchedwa kilinka, timene amatipera n'kukhala simenti. Moto umenewo ndi wa malasha. Koma chimene ambiri sadziwa n'chakuti mpweya woposa theka sutuluka m'malashawo, umatuluka m'mwala weniweniwo ukamapsa. Ngakhale fakitale yonse itayendera magetsi a dzuwa, mwalawo udzatulutsabe mpweya wake. N'chifukwa chake simenti yokha imapereka pafupifupi 7 kapena 8 peresenti ya mpweya wa kaboni wa dziko lonse lapansi.

Tiyeni tiwerenge pa thumba. Thumba la makilogalamu 50 limabwera ndi mpweya wa makilogalamu pakati pa 30 ndi 40, malingana ndi kuchuluka kwa kilinka m'katimo. Boma litati tani imodzi ndi madola 10, thumba lingakwere ndi masenti 30 kapena 40 a dola. Zimenezo munthu angapirire. Litati madola 70, mtengo wofanana ndi wa ku Ulaya, thumba lingakwere ndi madola awiri kapena atatu. Nyumba imene yadya matumba 400 ndiye kuti yaonjezeredwa madola pafupifupi 1,000, ndalama yokwanira kugula malata a mbali yaikulu ya denga. Masamu amenewa ndinawalemba pa chikwama cha simenti chong'ambika tsiku lija, ndipo mmisiri anasiya kuseka.

Mabuloko a simenti

Lusaka ndi mzinda wa mabuloko. Tinamanga pamwamba pa mwala wa laimu, fumbi la ku kwale silisowa, ndipo m'mbali mwa msewu uliwonse wotuluka m'tauni muli makina oumbira. Mmisiri aliyense amawadziwa, a khonsolo samafunsa zambiri, banki imavomera, ndipo Kanta ikatula mabuloko 500 m'mawa, madzulo mzere wa khoma waoneka. Chiswe sichiwadya. M'malo amadzi ngati Kanyama ndi Chawama, kumene dzinja lililonse madzi amaima m'makomo, palibe chinthu china chimene ndingauze munthu kuti aike pansi kupatula konkire ndi buloko.

Koma buloko ndiye amene ali pamzere woyamba utsi ukakwera mtengo, ndipo choopsa chake si mtengo wokha ayi. Tinaona kale zimene zimachitika simenti ikadula. Woumba safuna kukweza mtengo wa buloko poopa kuthawitsa makasitomala, ndiye amatambasula thumba. Pamene ankatulutsa mabuloko 30 a mainchesi 6 amayamba kutulutsa 45, ena mpaka 50. Maonekedwe ndi omwewo, koma mukalikanda ndi msomali likuyoyoka ngati chigumu. Ine ndinagulapo otere kwa woumba wina zaka zapitazo. Pa mabuloko 200 amene anatsitsa, oposa 20 anasweka asanafike n'komwe m'manja mwa mmisiri, ndipo otsalawo anamwa pulasitala wochuluka kuti khoma lioneke ngati khoma. Ndalama imene ndinapulumutsa pogula ndinailipira kawiri. Msonkho wa kaboni ukabwera popanda a ZABS, oona za miyezo ya katundu, ndi a National Council for Construction, oyang'anira zomangamanga, kuyendera oumbawa, chimene tidzapeze si mpweya wochepa koma makoma ofooka.

Ngati mwasankha mabuloko, pali zinthu zochepa zimene zili m'manja mwanu. Nyamulani limodzi kufika pachifuwa n'kuligwetsa pa nthaka youma. Labwino limangobenthuka m'mphepete. Funsani kuti anaumba liti ndipo anathirira masiku angati, pakuti simenti imalimba ndi madzi osati ndi dzuwa: sabata yathunthu ya kuthirira, ndipo mphamvu yake yeniyeni imakwana pa masiku 28. Musamangire makoma a m'kati ndi mainchesi 6 pamene 4 akukwana. Ndipo onani nambala ya pa thumba. Simenti ya 42.5 ili ndi kilinka yambiri, ndi ya zipilala, mabimu ndi silabu ya nyumba yosanja. Ya 32.5, monga Mphamvu imene tonse tinakula tikuiona, amaisakaniza ndi zinthu zina monga laimu wopera, motero mpweya wake ndi wocheperako ndipo pomangira khoma ndi kupaka pulasitala ndi yokwana. Anthu ambiri amagula 42.5 ya nyumba yonse poganiza kuti nambala yaikulu ndi nyumba yolimba. Kumeneko n'kutaya ndalama lero, ndipo mawa kudzakhala kutaya kowirikiza.

Pali chiyembekezo china chimene chili m'manja mwa mafakitale. Akatswiri a ku Switzerland, Cuba ndi India anapeza kuti dongo lootchedwa pa madigiri pafupifupi 800, losakaniza ndi laimu wosaotcha, lingalowe m'malo mwa theka la kilinka n'kuchepetsa mpweya mpaka 40 peresenti. Simenti imeneyi amaitcha LC3. Dongo tili nalo. Apa ndi pamene msonkho wa kaboni ungagwire ntchito yabwino, chifukwa mwini fakitale sasintha uvuni wake pomvera ulaliki, amasintha akaona kuti kilinka yayamba kumudyera phindu.

Njerwa zootcha

Mmisiri wa mlamu ankakokera kuno. Iye anakulira ku Katete, kumene nyumba yabwino ndi ya njerwa zofiira, ndipo mfundo zake zinali zomveka. Pa puloti pali chulu chachikulu. Anyamata awiri ndi chikombole angaumbe njerwa zikwi zingapo m'masabata ochepa a chilimwe. Simenti imalowa pomangira pokha, mwinanso osalowa ngati mwamangira dothi. Nyumba ya njerwa imazizira bwino mu Okutobala kuposa ya mabuloko, ndipo yootchedwa bwino imakhala zaka zambirimbiri. Nyumba zakale za mishoni kum'mawa zikuchitira umboni. "Bwana," anatero kwa mlamu, "boma likadulitsa simenti, chulu sichidula."

Ananena zoona, ndipo apa ndi pamene nkhani yonseyi imandidetsa nkhawa. Msonkho wa kaboni umaona chumuni cha fakitale chifukwa fakitale ili ndi adiresi, mabuku ndi sikelo. Suona uvuni wa kuseri kwa mudzi. Koma uvuni umenewo sudya tinthambi. Umafuna zipika zikuluzikulu za mombo ndi mtondo zoti ziyake usiku ndi usana masiku angapo, ndipo moto wambiri umangothawira m'mbali. Njerwa za kunja zimatuluka zosapsa, za pafupi ndi moto zimapserera n'kupindika, zina zimasweka popasula. Munthu amene wathawa mpweya wa simenti n'kukadula mitengo yazaka makumi anayi sanachepetse kanthu. Wangosamutsa utsi kuuchotsa pamene ukuwerengedwa kuupititsa pamene palibe akuwerenga. Ndipo amene adzakankhidwira kumeneko ndi osauka, amene thumba likakwera ndi K50 amaimitsa ntchito.

Amene amayenda msewu wa Great East akudziwa mmene tchire latheramo kuchokera ku Chongwe kupita ku Rufunsa, ndi matumba a makala ondandalikidwa m'mbali. Anzathu a ku Malawi anafika poipa ife tisanafike, ndipo mu 2018 anaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda. Kuno mtengo woimirira wayambanso kukhala ndi mtengo wake: ku Rufunsa ndi m'chigwa cha Luangwa kuli mapulojekiti a BioCarbon Partners amene amagulitsa kaboni wosungidwa m'nkhalango n'kugawa ndalama kwa mafumu ndi anthu awo. Anthu amatsutsana ngati gawo lofika kumudzi ndi lokwanira, ndipo ndi mtsutso woyenera. Koma tanthauzo lake kwa womanga ndi lakuti nkhuni zaulere zikutha. Lero muzigula patali, mulipire thiransipoti, mulipire chilolezo cha a zankhalango, kapena muziyenda usiku mwamantha.

Palinso dzenje limene limatsala. Ndaona mapuloti ambiri pamene dzenje la njerwa linasanduka dziwe la udzudzu ndi msampha wa ana dzinja likafika.

Njerwa za ku fakitale, zootchedwa mu uvuni wotsekedwa bwino, ndi nkhani ina: n'zolimba, n'zokongola, sizifuna pulasitala. Koma zimaotchedwa ndi malasha, fakitale yake ili ndi adiresi, ndipo msonkho udzazipeza monga mmene udzapezere simenti. Mtengo wake ngwokwera kale.

Dothi lotsindira

Iyi ndi njira imene ine ndinkaikonda tisanayambe kuwerenga, ndipo ndikuikondabe, koma masamu anandiphunzitsa kudzichepetsa pa zimene ogulitsa makina amalonjeza.

Mumatenga dothi la pansi, osati lakuda la pamwamba lodzala mizu, n'kulisefa. Mumasakaniza ndi simenti pang'ono, magawo 5 mpaka 10 pa 100, n'kuwaza madzi kuti lingochita chinyezi. Kenaka mumalitsindira m'makina, kaya a manja okoka ndi chitsulo chachitali, kaya a dizilo monga a Hydraform a ku South Africa. Njerwa imatuluka yosalala, ya mano olumana ndi inzake, moti mizere yambiri ya khoma imangosanjikizidwa popanda matope a simenti. Simuotcha. Mumaziphimba ndi pulasitiki n'kumathirira sabata imodzi kapena ziwiri. Palibe mtengo umene wagwa, palibe Kanta imene yayenda makilomita 40 kubweretsa fumbi la ku kwale, ndipo khoma lake lochindikala limasunga kuzizira masana n'kubweza kutentha usiku wa mu Juni.

Tsono masamu aja. Buloko la simenti ndi lobowoka m'kati, pamene njerwa yotsindira ndi yodzaza. Khoma la mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, lochindikala masentimita 22, limalemera makilogalamu pafupifupi 400. Mukaikamo simenti ya 7 peresenti, ndi makilogalamu 28. Khoma lomwelo la mabuloko a mainchesi 6 limafuna mabuloko 12 ndi theka. Ngati woumba anatulutsa 30 pa thumba, ndi simenti ya makilogalamu 21. Poyamba mungadabwe kuti dothi ladya simenti yambiri kuposa buloko. Kusiyana kumabwera pambuyo: buloko likufunanso matope omangira ndi pulasitala mbali zonse ziwiri, zimene zimakankhira chiwerengero kupitirira makilogalamu 35. Ndiye phindu la dothi lotsindira lili pa kusapaka pulasitala ndi kusamangira matope. Mukaumba njerwa zokongolazo kenaka n'kuzikuta ndi pulasitala kunja ndi m'kati kuti aneba asadziwe kuti ndi dothi, mwataya pafupifupi zonse zimene munapulumutsa.

Ndipo manyazi amenewo alipodi. Mkazi wa mlamu, amene ndi mlongo wanga, ananena mosabisa: "Achimwene, ndinachoka ku nyumba ya dothi kumudzi, ndiye ndidzamangenso ya dothi mu Lusaka?" Sindinamuyankhe ndi mawu. Tinapita naye kukaona sukulu ina yomangidwa ndi njerwa zoterezi, anagogoda khoma ndi kiyi, anakanda ndi chikhadabo, anaima m'kalasi masana dzuwa lili pamutu. Anatuluka osanena kanthu, koma m'galimoto anafunsa ngati m'bafa ndi m'khichini angaikemo matailosi. Angaike.

Zofooka zake zenizeni ndi zitatu. Choyamba, si dothi lililonse. Lofunika ndi lija lofiira la mchenga wambiri ndi dongo pang'ono. La m'dambo lakuda limatupa ndi kung'aluka, la mchenga wokhawokha siligwirana. Kuyesa kwake n'kosavuta: thirani dothi m'botolo kufika theka, dzazani madzi, ikani mchere pang'ono, khutchumulani, siyani usiku wonse. M'mawa mudzaona mchenga pansi ndi dongo pamwamba. Dongo likachuluka, onjezani mchenga. Chachiwiri, madzi. Njerwa imeneyi imafuna nsapato ndi chipewa: maziko a konkire otukuka bwino pamwamba pa nthaka, ndi denga lotuluka kunja masentimita 60 kapena kuposa kuti mvula isamamenye khoma. Kumene madzi amaima, iwalani. Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu, amisiri oidziwa ndi ochepa. Mzere woyamba ukapendama ngakhale pang'ono, palibe matope obisira cholakwacho, chimakwera ndi khoma mpaka ku lintala. Makinanso ngobwereka kapena kugula pagulu. Nyumba imodzi yokha siingabweze mtengo wa makina a dizilo. Magulu a chilimba amene mamembala ake onse ali ndi mapuloti angaganizirepo.

Zidina zouma ndi dzuwa sindizitaya. Zilibe simenti, zilibe moto, msonkho uliwonse udzazidutsa. Pa khola la nkhuku, khichini ya panja kapena kanyumba kosungiramo katundu, zikakhala pa maziko abwino ndi denga labwino, n'zokwana. Pa nyumba yaikulu mu Lusaka mudzavutika ndi mapulani ku khonsolo, ndipo chiswe muzichiyang'anira chaka ndi chaka.

Kumene simenti imathera osaiona

Titakangana nthawi yaitali za khoma la nyumba, ndinafunsa mlamu kuti mpanda akuganiza zotani. Anati monga aliyense: mabuloko kuzungulira, waya wa magetsi pamwamba. Puloti yake ndi mamita 20 kwa 30. Kuzungulira ndi mamita 100. Pa msinkhu wa mamita awiri, ndi mabuloko 2,500, osawerengera maziko ake, zipilala ndi pulasitala. Chiwerengero chimenecho n'chofanana ndi cha makoma a nyumba yonse ya zipinda zitatu. Mu Lusaka timamanga nyumba ziwiri pa puloti iliyonse, imodzi yogonamo, ina yopanda denga yozungulira inzakeyo.

Sindikupeputsa mantha a akuba. Amene anathyoleredwapo nyumba amadziwa. Koma pali kusankha. Kutsogolo kungakhale khoma, m'mbali n'kugawana mtengo ndi aneba m'malo moti aliyense amange lake moyandikana, kumbuyo waya wolimba ndi mpanda wa mitengo yaminga. Chimodzimodzi bwalo. Tazolowera kuyala mapeva kuchokera pa geti mpaka kuseri, osasiya ngakhale poti mwana akumbe. Simenti imeneyo ndi yambiri, imatenthetsa bwalo, ndipo madzi a mvula osowa polowera amathamangira kwa amene ali kumunsi. Mzinda umene umamwa madzi a m'zitsime zobowola n'kumatseka nthaka yake ndi konkire ukudzipweteka kawiri. Mizere iwiri ya matayala a galimoto ndi miyala yoswa pakati zikukwana, ndipo miyalayo mungagule kwa amayi a ku Kalingalinga amene amaiswa ndi nyundo m'mbali mwa msewu.

Ndiye zipilala za pakhonde zija zonenepa ngati za ku khoti, madenga obisika okhala ndi ngalande za konkire zimene zimadontha chaka chachiwiri, silabu yochindikala pa nyumba yosasanja. Munthu amene wachotsa zimenezi pa pulani wapulumutsa simenti yambiri kuposa amene wasintha mtundu wa njerwa.

Chitsulo, denga ndi malaiti

Chitsulo chopangidwa kuchokera ku miyala ya mgodi ndi malasha chimatulutsa pafupifupi matani awiri a mpweya pa tani imodzi. Chosungunula zitsulo zakale ndi magetsi chimatulutsa wochepa kwambiri, makamaka magetsiwo akakhala a madzi. Apa Zambia ili ndi mwayi: fakitale ya zitsulo ya ku Kafue imasungunula zitsulo zakale, zomwe anyamata amatola m'makomboni ndi mawilibala, ndipo magetsi athu ambiri amachokera ku Kariba ndi ku Kafue Gorge. Utsi ukamakwera mtengo kunja, chitsulo cha konkire cha kuno chiyenera kupikisana bwino ndi cholowa. Koma mwayi umenewu umadalira mvula. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, chinaphwetsa Kariba mpaka malaiti ankathima maola oposa 20 pa tsiku, ndipo dziko linatsamira kwambiri pa malasha a ku Maamba ndi majenereta a dizilo.

Pa mitengo ya denga, paini wa m'minda ya kampani ya nkhalango ya ZAFFICO ku Copperbelt, amene mumamupeza ku msika wa Buseko, ndi wobzalidwa, ndipo kaboni amene anamwa akukula amakhala m'denga mwanu zaka zonse. Akhale wouma ndi wothiridwa mankhwala a chiswe, wauwisi amapindika. Denga la zitsulo limapambana pa holo kapena tchalitchi chotambalala. Pa nyumba wamba, matabwa.

Ku Ulaya nkhani ya nyumba ndi kaboni imazungulira pa kutenthetsa m'nyumba nthawi ya chisanu, ndipo akonza msika wachiwiri wa ziphaso wokhudza mafuta ndi gasi wa m'nyumba ndi wa pamsewu. Ife vuto lathu ndi lina: kutentha kwa Okutobala, giza, ndi mbaula. Nyumba ya malata opanda siling'i imasanduka uvuni, mwini wake n'kugula makina oziziritsa amene amadya mayunitsi usiku wonse. Siling'i yokhala ndi chotchinga kutentha, malata owala osati akuda, mawindo oyang'anizana kuti mphepo idutse, ndi makoma aatali oyang'ana kumpoto ndi kum'mwera m'malo mwa kumadzulo, zonsezi zimasankhidwa pa pepala mmisiri asanakhome chikhomo, ndipo zambiri sizionjeza ngwee. Giza ya dzuwa ndi yodula pogula, koma m'nyumba zambiri giza ya magetsi ndiyo imadya mayunitsi ochuluka kuposa china chilichonse. Omanga nyumba zambiri zobwereketsa kapena maofesi amve izi: mabanki akunja ayamba kufunsa satifiketi monga EDGE ya IFC (nthambi ya World Bank), imene imafuna kuti nyumba ichepetse magetsi, madzi ndi mpweya wa zomangira ndi 20 peresenti, asanapereke ngongole yotsika mtengo. Kwa iwowa mtengo wa kaboni wafika kale, wadzera pa chiwongola dzanja.

Mlamu anatenga mabotolo atatu a dothi m'ngodya zitatu za puloti. Awiri anaonetsa mchenga wokwanira, la pafupi ndi chulu linali ndi dongo lambiri. Anagwirizana ndi mlongo wanga kuti mizere itatu yoyamba pamwamba pa maziko ikhale ya mabuloko a simenti ogula kwa woumba amene walola kuti tigwetse limodzi pamaso pake, makoma a kunja akhale a dothi lotsindira osapaka pulasitala kunja, ndipo bafa ndi khichini zikhale za mabuloko a mainchesi 4. Mpanda wa kutsogolo udikire denga, mbali zinazo aika waya ndi kubzala mitengo mvula ikayamba. Chulu chikhale pomwepo.

Mmisiri anavomera ndi mfundo imodzi, yakuti ayambe waphunzira dzanja pa kanyumba kosungiramo simenti asanakhudze nyumba yaikulu, ndiponso kuti mnyamata amene adzabwere ndi makina akhale naye masiku atatu oyamba. Makinawo abwereka kwa anthu a tchalitchi china ku Silverest, ndipo afika mwezi wa Meyi, dothi likauma.